Kuchuluka kwa njovu si umboni wakuti tchire lili bwino

Akonzi,

Tiloleni malo pang'ono tinenepo za momwe tikuyezera chipambano cha malo athu osungirako nyama zakuthengo. Nkhani zambiri zimene timawerenga zimathera pa chiwerengero: njovu zafika mwakuti, mikango yaswana, chipembere chabereka. Chisangalalocho n'choyenera. Pamene bungwe la African Parks linkayamba kuyendetsa Majete mu 2003, njovu ndi zipembere zinali zitatheratu m'nkhalangoyo. Zipembere zinabwera chaka chomwecho, njovu mu 2006, mikango mu 2012. Ku Liwonde akakwiyo anafika mu 2017 ndipo mikango inatsatira mu 2018, miimba imene inali itasowa n'kuyambanso kuuluka pamwamba pa Shire chifukwa tsopano kunali mitembo yoti idye. Palibe amene angatsutse ntchito imeneyi.

Koma nyama zikuluzikulu n'zosavuta kuziwerenga, ndipo zikatetezedwa sizichedwa kuswana. Chovuta, chimenenso sichikopa makamera, ndi kusunga tchire losiyanasiyana. Chilembwe ndi mphalapala zimafuna udzu wautali wobisamo ana, kutali ndi piringupiringu wa nyama zina. Nswala ndi njiri zimafuna udzu waufupi. Nyala ndi kadumba zimakhala m'zitsamba zothinana. Miimba imamanga zisa pamwamba pa mitengo italiitali, ndipo tizinkhwe tating'ono ta ku Liwonde totchedwa Lilian's lovebird timagona m'mphako za mitengo ikuluikulu ya tsanya. Paki ikafanana paliponse, kaya yasanduka udzu waufupi wokhawokha kaya zitsamba zofika m'chiuno, nyama zikhoza kuchuluka koma mitundu yake n'kumachepa. Ndipo m'malo otchingidwa ndi mpanda wa magetsi, chimene chimafananitsa tchire kawirikawiri si opha nyama mozemba ayi, koma zosankha za oyang'anira eniake pa madzi, pa moto ndi pa njovu.

Tiyambe ndi madzi, chifukwa ndi pamene zolinga zabwino zimawononga kwambiri. Paki ya Kruger ku South Africa, imene kukula kwake ndi masikweya kilomita pafupifupi 19,500, inakumba zitsime zoposa 300 ndi madamu ambiri pofuna kuti nyama zisafe ndi ludzu pa chilala. Kumpoto kwa pakiyo kuli zigwa za udzu wautali zimene kale zinkauma m'chilimwe, ndipo kumeneko ndiko kunali kwawo kwa achilembwe. Madzi atafika, mbidzi ndi nyumbu, nyama zosatha kukhala kutali ndi madzi, zinalowerera m'zigwazo, makamaka pa chilala cha 1982 ndi 1983. Zinametamo udzu, ndipo mikango inazitsatira. Chilembwe sathawa patali akaona mkango, ndipo mwana wake amagona yekha muudzu masabata oyambirira. Udzu ukafupika, alibe pobisala. Achilembwe anatsika kuchoka pa pafupifupi 450 mu 1986 kufika pa pafupifupi 45 mu 1993. Sanafe ndi ludzu. Anafa chifukwa madzi anachuluka. Kuyambira mu 1994 oyang'anira Kruger anayamba kutseka zitsime, ndipo zambiri mwa zimene zinakumbidwa n'zotseka lero, koma achilembwe sanabwererenso pa chiwerengero chakale.

Ifenso tinaziona ku Lengwe. Kumeneko kulibe mtsinje wosaphwa, ndiye madziwe ochita kupopera madzi ndiwo amamwetsa nyama m'chilimwe. Anyala, amene pakiyo inakhazikitsidwira, anaswana mpaka kudya zitsamba zimene amabisalamo, moti m'zaka za m'ma 1980 boma linkachita kupha ena kuti tchire lipume. Aliyense amene waona nthaka yozungulira pomwetsera ng'ombe ku Chikwawa mu Okutobala akudziwa maonekedwe ake: fumbi lokhalokha pafupi, udzu wosakoma patsogolo pang'ono, msipu weniweni kutali. Dziwe la m'paki limachita chimodzimodzi, kungoti njovu imafika kutali kuposa ng'ombe.

Masamu ake ndi osavuta, ndipo woyang'anira aliyense ayenera kuwachita asanakumbe chitsime. Tengani mapu a paki, lembani madzi onse amene amakhalapo mu Okutobala, a mtsinje ndi opopa omwe. Jambulani mkombero wofika makilomita 5 mbali zonse kuchokera pa malo alionse a madziwo, kenako wina wa makilomita 10. Mkombero wa makilomita 5 umaphimba masikweya kilomita pafupifupi 79, wa makilomita 10 umaphimba 314. Majete yense ndi masikweya kilomita 700. Ndiye kuti madziwe asanu ndi anayi okha, atayalidwa motalikirana, angachititse kuti pafupifupi nkhalango yonse ikhale mkati mwa makilomita 5 kuchokera pa madzi, tisanawerengere Shire ndi Mkulumadzi. Malo otsala kunja kwa mikomberoyo ndiwo nkhokwe ya paki. Ndiko mitengo ing'onoing'ono imakulira osadyedwa, ndiko udzu umatsala wodzadya chilala chikafika, ndiko nyama zamanyazi zimathawira. Mapu akasonyeza kuti malo otere palibe, madziwe achuluka, ngakhale alendo akukondwera ndi njovu zomwera pakhomo pa loji.

Mapampu a sola awonjezera vutoli mosadziwika. Injini ya dizilo inkaima yokha mafuta akatha, tchire n'kupumako. Pampu ya sola imapopa kwambiri pa nthawi imene dzuwa likuswa mtengo, tsiku ndi tsiku, chaka chonse, pokhapokha munthu akaitseke. Kutsekako kulinso ndi nthawi yake. Dziwe silitsekedwa mu Seputembala kapena Okutobala nyama zitazolowera, chifukwa zimaima pamatope ouma mpaka kufooka, ndipo njovu zimathyola mpanda kukafuna madzi kumijigo ya m'midzi. Pampu izimitsidwe m'dzinja mathamanda achilengedwe ali odzaza, ndipo isayatsidwenso mvula ikatha, kuti nyama zisunthe zokha pang'onopang'ono pamene mathamandawo akuuma. Madziwe atsekedwe limodzilimodzi, kuyambira amene ali pakati pa udzu wautali ndi a m'zitsamba zothinana. Amene atsala akhale pa nthaka yolimba, asakhale pa dothi lokokoloka, ndipo chomwera chikhale chosasefukira, popeza matope osatha amasunga matenda. Madziwe ochepa ndi osavutanso kuwalondera. Ku Liwonde opha nyama akhala akuthira poizoni m'madziwe ang'onoang'ono m'chilimwe, ndipo tizinkhwe tija timafera pomwepo m'magulu ngakhale kuti si tizinkhweto tofunidwa ndi alenjewo.

Za moto anthu amagawikana. Ena amati paki isapse n'komwe, ena amayatsa chaka ndi chaka malo omwewo mvula ikangotha. Onse awiri amafananitsa tchire. Ku Kruger kuli timinda toyeserapo moto ta mahekitala pafupifupi 7 kalikonse, toyambira mu 1954, tina totenthedwa chaka chilichonse, tina pa zaka ziwiri kapena zitatu m'miyezi yosiyanasiyana, tina tosatenthedwa konse. Chimene timindato tasonyeza ndi chakuti moto suchotsa mitundu ya mitengo kwenikweni, koma umalamula msinkhu wake. Potenthedwa kawirikawiri mitengo imakhala yopinimbira, imaphukira pachitsa n'kupsanso isanatalike. Posatenthedwa zitsamba zimathinana, udzu wakale umaunjikana n'kufoola watsopano. Pakiyo inayesa kutentha m'magawo pa zaka zitatu zilizonse, mu 1992 inayesa kusiyira moto wa mphenzi wokha, ndipo zitakanika chifukwa moto wambiri unkayatsidwabe ndi anthu, mu 2002 inasankha kutentha m'zigamba zosiyana kukula, nyengo ndi ukali.

Kuti munthu adziwe ngati chigawo chikufunika moto, safunika makina odula. Dulani udzu wonse mpaka pansi pa malo a mita imodzi mulitali ndi mita imodzi mulifupi, yanikani mpaka uume gwa, yezani pa sikelo, ndipo bwerezani pa malo osachepera makumi awiri osankhidwa mosakondera. Magalamu 400 pa malo amodzi ndi makilogalamu 4,000 pa hekitala, ndipo apa ndi pamene akatswiri a udzu kum'mwera kwa Africa amati udzu waunjikana mokwanira kutenthedwa. Pansi pa magalamu 200 moto suyenda bwino, ndipo malo otero akufunika mpumulo osati machesi. Yang'ananinso mtundu wa udzuwo. Ngati wambiri ndi uja wa chaka chimodzi womera pa nthaka yotopa, moto ungowonjezera bala.

Cholinga chikakhala kuchotsa udzu wakale popanda kupha mitengo, moto ukhale wozizira: mu Meyi kapena Juni udzu usanaumitsitse, chakumadzulo, kutentha kwa mpweya kuli pansi pa madigiri 20, chinyezi cha mumpweya chili pamwamba pa 50 peresenti, mphepo ili yofatsa. Kuchigwa cha Shire madigiri amenewa sapezeka masana, n'chifukwa chake kuyatsa kumayenera kudikira dzuwa litapendeka kuti mame a usiku akauzimitse wokha. Yatsani pa malo amodzi n'kuusiya uyende, musazunguze chigawo chonse ndi moto. Moto wozunguza umakumana pakati uli waukali kwambiri, ndipo akamba, ngaka ndi ana a nyama sapeza potulukira. Moto wa Seputembala ndi Okutobala, mpweya uli pamwamba pa madigiri 25 ndipo chinyezi chili pansi pa 30 peresenti, ndi chida chochepetsera zitsamba zimene zalanda dambo, ndipo ugwiritsidwe ntchito pa cholinga chimenecho basi, njira zotchingira moto zitalambulidwa kale. Zitsamba zothinana za ku Lengwe, nkhalango za m'mbali mwa mitsinje ndi timisitu ta pa Nyika siziyenera kuuona n'komwe. M'mphepete mwake mutenthedwe kachingwe kozungulira kumayambiriro kwa chilimwe kuti moto wolusa ukafika upeze palibe chodya.

Cholakwika china chofala ndi kutentha kachigamba kamodzi kakang'ono. Msipu ukangophuka, njati, mbidzi ndi nswala za dera lonse zimakhamukira pamenepo n'kudya mpaka mizu, mvula yoyamba n'kukokolola dothi. Zigamba zikhale zingapo, zomwazikana, ndipo zisakhale pafupi ndi dziwe. Ndipo kutentha msanga chaka chilichonse pamalo amodzi, kumene ambiri amakuyesa kotetezeka, kumafooketsa udzu wokhalitsa chifukwa umapsa usanatsitsire chakudya ku mizu. Chigawo chilichonse chikhale ndi mbiri yake yolembedwa: chinapsa liti, ndi moto wotani, udzu unali wochuluka bwanji. M'madera ena anthu oyandikana ndi paki amene amaloledwa kumweta tsekera yofolerera nyumba amachepetsa udzu bwino kuposa moto, bola kumwetako kukhale kosinthasintha malo. Munthu amene akudikira kumweta udzu mu Julayi sayatsa tchire mu Juni.

Njovu ndiye zimalumikiza zonsezi. Njovu yaikulu imadya makilogalamu oposa 100 a masamba, udzu ndi makungwa pa tsiku, ndipo gulu lotetezedwa bwino limakula ndi pafupifupi 5 kapena 6 peresenti pa chaka, ndiye kuti limawirikiza kawiri pa zaka zosapitirira 15. Liwonde, wa masikweya kilomita 548, anali ndi njovu pafupifupi 800 kusamutsa kusanayambe mu 2016, pafupifupi njovu zitatu pa masikweya kilomita awiri alionse. Kruger, pa zaka zimene inkapha njovu kuyambira 1967 mpaka 1994, inkasunga pafupifupi 7,000, kapena njovu imodzi pa masikweya kilomita pafupifupi atatu. Sitikunena kuti chiwerengero cha Kruger ndicho cholondola. Oyang'anira Kruger eniakewo anasiya kuchitsatira atazindikira kuti chofunika kwambiri ndi malo amene njovu zikuthera nthawi yawo. Koma kusiyanako kukusonyeza katundu amene tchire la Liwonde linasenza, makamaka popeza pakiyo ndi yopapatiza motsatira Shire ndipo madzi sali kutali ndi malo ambiri.

Kuwononga kwake sikumaonekera msanga. Njovu ikasenda khungwa la mfula kapena mkunkhu, mtengowo sufa chaka chimenecho. Pabalapo pamauma, tizilombo tofukula timalowa, moto wa chilimwe chotsatira umagwira thunthu lopanda khungwa, ndipo patatha zaka zingapo mphepo imaugwetsa. Tsanya amaphukanso akathyoledwa, koma amasanduka chitsamba cha mamita awiri kapena atatu chopanda mphako. Pansi pake nswala zimadya mbande zonse, moti palibe mtengo wolowa m'malo. Woyenda pagalimoto amaona tchire lobiriwira, osadziwa kuti mitengo italiitali yonse ndi yokalamba ndipo ya msinkhu wapakati palibe. Mitengo yofunika, monga milambe ndi imene ili ndi zisa za miimba, ikhoza kutetezedwa umodziumodzi pokulunga thunthu ndi waya wa nkhuku mpaka mamita pafupifupi awiri, kapena kuyala miyala yosongoka mozungulira tsinde, koma zimenezi ndi za mitengo makumi angapo, si za nkhalango.

Kusamutsa kwathandiza. Mu 2016 ndi 2017 njovu zoposa 500 zinachotsedwa ku Liwonde ndi Majete, zambiri kupita ku Nkhotakota kumene zinayamba zasungidwa m'dera lotchingidwa la mahekitala 19,000. Mu 2022 zina 263 zinachoka ku Liwonde kupita ku Kasungu, ndipo zotsatira zake tonse tinazimva: minda kuwonongeka ndi anthu kufa mbali zonse ziwiri za malire a Malawi ndi Zambia, kumene mpanda sunali wokwanira. Mpanda ndi umene uyenera kutsogola, njovu pambuyo. Komanso malo olandira njovu m'dziko muno akutha, pamene zotsalazo zikuswanabe. Malo ena ang'onoang'ono a ku South Africa, monga Makalali kuyambira mu 2000, amabaya njovu zazikazi katemera wolera wotchedwa PZP, wochita kulasa ndi mfuti ya jakisoni ndi kubwereza nthawi ndi nthawi. Katemerayu sachepetsa njovu zimene zilipo, amangochedwetsa kuswana, ndipo popeza njovu imakhala zaka 60, zipatso zake zimaoneka mochedwa. N'chifukwa chake nkhaniyi iyenera kukambidwa poyera tsopano, tchire lisanafike pomvetsa chisoni.

Zomera zachilendo nazo zimafananitsa malo: namasupuni pa Shire, chitsamba cha lantana m'mbali mwa misewu ndi mitsinje, paini wofalikira kuchokera ku Chelinda pa Nyika. Lamulo lake ndi kuyambira kumene zili zochepa ndi kumtunda kwa mtsinje, kuzula ndi mizu dothi lili lonyowa mbewu zisanakhwime, ndi kubwereranso pamalopo zaka zingapo zotsatizana. Kudula kamodzi n'kuchoka n'kutaya ndalama.

Chimene tikupempha ndi chakuti malipoti a mapaki, ndi atolankhani amene amawalemba, awonjezere ziwerengero za tchire pa ziwerengero za nyama. Kuwerenga pa ndege kumaona njovu, njati ndi mvuu, koma sikuona gwape, kadumba kapena mbawala pansi pa masamba. Zimenezi zimafuna makamera omangirira pa mitengo, oikidwa pa malo omwewo m'miyezi yomweyo chaka chilichonse. Tchire limafuna mizere yokhazikika yoyambira pa dziwe kupita kutali, yoyezedwa pa mamita 100, mamita 500, kilomita imodzi, makilomita awiri ndi makilomita asanu. Pa malo alionse awerengedwe mitengo malinga ndi msinkhu: yosafika mita imodzi, ya mita imodzi mpaka atatu, ya atatu mpaka khumi, ndi yoposa khumi, komanso ingati yasendedwa khungwa kupitirira theka la thunthu. Pakhomedwe chitsulo pansi ndipo pajambulidwe chithunzi choyang'ana mbali imodzimodziyo mwezi womwewo chaka ndi chaka. Ntchito yonseyi imafuna anthu atatu, tepi yoyezera, ndodo yolembedwa mamita ndi foni. Chovuta si zipangizo koma kupitiriza, popeza phindu lake limayamba kuoneka patatha zaka zisanu kapena khumi, nthawi imene ndalama za pulojekiti zimakhala zitatha kale. Apa ndi pamene ophunzira a ku LUANAR, Mzuzu University ndi koleji ya za nkhalango ndi nyama ya ku Dedza angagwire ntchito yokhalitsa, ngati zotsatira zikusungidwa pamalo amodzi pamene wina aliyense angazipeze.

Ziwerengerozo zikhale ndi malire ogwirizana pasadakhale, monga amachitira ku Kruger: mitengo yoposa mamita khumi ikachepa kufika pakuti, kapena malo otalikira madzi akachepa kufika pakuti, oyang'anira ayenera kukhala pansi n'kusintha kanthu. Popanda malire olembedwa, woyang'anira watsopano aliyense amayesa kuti tchire limene walipeza ndi mmene linalili kuyambira kale.

Mayeso a zonsezi ali pafupi. Ngalande yaikulu ya ulimi wothirira ya Shire Valley Transformation Programme ikuyambira ku Kapichira, m'mphepete mwa Majete, ndipo njira yake ikudutsa mu Lengwe. Ulimiwo ndi wofunika kwa anthu a ku Chikwawa ndi Nsanje, ndipo sitikuutsutsa. Koma ngalande ya madzi osaphwa m'paki youma ngati Lengwe ndi dziwe lalitali makilomita ambiri ngati nyama zingathe kumwamo, ndipo ndi mpanda wodula pakiyo pakati ngati sizingathe. Owerenga anu akuyenera kuuzidwa momveka: nyama zidzamwa pa malo angati ndipo ali pati pa mapu, zidzawolokera pati, yogweramo idzatuluka bwanji, madziwe akale opopa adzatsekedwa kapena adzangowonjezeredwa, ndipo ndani wayeza zitsamba za anyala madzi asanafike kuti pakadzatha zaka khumi tidzakhale ndi poyerekezera.

Ndife owerenga anu,
Chigwa cha Shire